Lemba Kalatayo, Mwana wa ku Rivirivi

Pali bodza limene lamera mizu m'mitima ya ana ambiri a m'mbali mwa Rivirivi, kuyambira kumtunda kumene mtsinjewu umatsikira kuchokera ku mapiri a ku Ntcheu mpaka kumunsi kumene umakathira mu Shire. Bodzalo limati sukulu za ukachenjede za kunja ndi za ana a mabwana a ku Namiwawa ndi ku Area 10, ndipo mwana wa mlimi wa thonje wa kwa Nkaya kapena ku Utale akangokhoza MSCE angothokoza Mulungu, akhale pansi. Palibe amene analilemba pa bolodi bodza limeneli, koma aliyense amalidziwa pamtima. Mng'ono wanga, mlongo wanga, lero ndikufuna tilimbane nalo, ndipo sindikunyengerera ndi mawu otsekemera. Njirayi ndi yopapatiza, malo ndi ochepa, olimbirana ndi a dziko lonse lapansi. Koma ambiri a kwathu kuno sanakanidwe ndi yunivesite iliyonse. Anadzikana okha asanalembe n'komwe.

Mu October 1958 mnyamata wina wa m'mudzi wa Mpale, kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, atamaliza maphunziro ake ku Livingstonia, ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, akuti akupita ku America kukaphunzira. Dzina lake Legson Kayira. Anayenda, kugwira maganyu m'njira, kudwala, kuchira, mpaka anafika ku Kampala m'dziko la Uganda. Kumeneko analowa m'nyumba yowerengeramo mabuku, napeza buku la mayina a makoleji a ku America. Analembera Skagit Valley College, kasukulu kakang'ono ka m'chigawo cha Washington, ndipo anamuyankha kuti bwera. Ophunzira ndi anthu a m'tauni ya sukuluyo anasonkha ndalama ya ulendo, iye anakatenga chiphaso ku Khartoum, ndipo mu December 1960 anafika. Pambuyo pake anaphunzira ku University of Washington, kenako ku Cambridge, nalemba buku la moyo wake lotchedwa I Will Try limene linatuluka mu 1965.

Anthu akamasimba nkhaniyi amakonda kukamba za mapazi ake osweka. Ine ndimaona china. Mapaziwo anangomufikitsa ku Kampala ndi ku Khartoum. Chimene chinamuwolotsa nyanja ndi pepala limene anakhala pansi n'kulemba kwa anthu osamudziwa, kuwauza kuti iye ndi ndani ndipo akufuna chiyani. Iwe lero sukufunika kuyenda mpaka ku Uganda kuti upeze buku la maadiresi. Lili m'foni ya mchimwene wako. Ndikudziwa, bandulo ndi yodula, netiweki imathawa ukangotsikira ku dimba, kutchaja n'kolipira pa msika. Zonsezo n'zoona. Koma usandiuze kuti Kayira anali pabwino kuposa iwe.

Tiyambe ndi zowawa: magiredi. Palibe nkhani yokoma imene ingabise satifiketi yofooka. Ngati udakali mu Fomu 3 kapena Fomu 4, ntchito yako yoyamba ndi masamu, Chingerezi ndi sayansi, usiku ndi usana, kuti mapointi a maphunziro ako asanu ndi limodzi atsikire kufupi ndi 6 mmene ungathere. Udziwenso ichi msanga kuti usadzakhumudwe mochedwa: mayunivesite ambiri a ku Britain ndi ku South Africa saiona MSCE payokha ngati yokwanira kulowera digiri. Amafuna china pamwamba pake. N'chifukwa chake pali masukulu a zaka ziwiri okonzekeretsa ana, monga African Leadership Academy ku Johannesburg, imene inatsegulidwa mu 2008, ndi masukulu a United World Colleges, amene imodzi mwa iwo ndi Waterford Kamhlaba ku Eswatini. Masukuluwa amathandiza ana osauka ndi fizi, koma ali ndi malire a zaka zakubadwa, choncho ukazengereza udzapeza wakula. Ndipo usanyoze za kwathu. Kulemba mafomu a NCHE kuti upite ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, MUST, KUHeS kapena Mzuni si kugonja. Amalawi ambiri amene anakaphunzira kunja anadzera khomo limeneli, digiri yoyamba kuno, yachiwiri kunja ndi thandizo la Chevening, Commonwealth kapena Beit Trust. Lemba zonse ziwiri nthawi imodzi.

Tsono apa mvetsera. Anthu amene amasankha ophunzira m'mayunivesite abwino saona giredi yokha. Amafunsanso kuti giredi imeneyi yachokera pa sukulu yotani. Mapointi 14 ochokera pa CDSS yopanda labotale, pamene buku limodzi la Biology mumagawana kalasi yonse, pamene mphunzitsi mmodzi amaphunzitsa maphunziro atatu, ndi olemera mosiyana ndi mapointi 14 a mwana wokhala ku hositelo ya magetsi. Koma munthu wokhala pa desiki ku Accra kapena ku Toronto sadziwa kuti CDSS n'chiyani. Sadziwa kuti unkapalasa njinga m'bandakucha, kapena kuti mtsinje ukadzaza sukulu imakhala kutsidya iwe uli tsidya lino. Akapanda kuuzidwa, adzakuyesa ndi muyeso wa ana a m'tauni, ndipo udzagwa. Pita kwa ahedi, ugogode mwaulemu, uwapemphe alembe tsamba limodzi lofotokoza sukulu yanu: ophunzira angati, aphunzitsi angati, amene anakhoza chaka chatha ndi angati, amene anasankhidwapo kupita ku yunivesite m'zaka zapitazi ndi angati, ndipo iwe unali nambala chani. Adindepo chidindo cha sukulu. Tsamba limeneli likhoza kukulankhulira kuposa chilichonse chimene ungalembe wekha.

Ndiye pamabwera funso limene limagwetsa ulesi ana a kumudzi. Fomu imafunsa kuti kupatula kalasi, wachitapo chiyani? Mwana wa ku Rivirivi amayang'ana funsolo, naganiza za makalabu a mtsutso, masewero osambira, maulendo a sukulu, n'kusiya malowo opanda kanthu. Amati ine palibe chimene ndachita.

Palibe chimene wachita? Ndani analima munda wa thonje chaka chimene bambo anagonekedwa kuchipatala cha Balaka? Ndani anawerengera mankhwala opopera mbozi, ndani anaima pa sikelo tsiku logulitsa kuti ogula asabe makilogalamu? Ndani amalemba m'kaundula wa banki m'khonde ya amayi a m'mudzi chifukwa ndiye yekha wodziwa kuwerengera chiwongoladzanja? Ndani amapalasa kabaza pa Balaka Loweruka kuti apeze ndalama ya mayeso? Ndani amaphunzitsa ana a Sitandade 8 pansi pa mlambe madzulo, ndipo angati mwa iwo anasankhidwa kupita ku sekondale? Ndani amatsogolera kwaya ya achinyamata ku tchalitchi, kapena kuthandiza ashehe kuphunzitsa ana ku madrasa? Ndani anasonkhanitsa anzake kuti akonze mjigo utafa? Zimenezo ndiye utsogoleri umene iwo akuufunafuna, ndipo iwe wauchita popanda wokuombera m'manja. Fomu ya Common App, imene makoleji ambiri a ku America amagwiritsa ntchito, ili ndi malo khumi olembamo zochita, ndipo udindo wosamalira banja ndi ntchito yolipidwa zili pa mndandanda wa zinthu zololedwa kulembapo. Anaikapo dala chifukwa cha ana onga iwe.

Chofunika n'chakuti uziwerenge. Usalembe kuti ndimathandiza makolo kumunda, chifukwa mawu amenewo aliyense angalembe. Lemba kukula kwa mundawo, maola amene umagwira pa sabata, matumba amene munakolola, chimene unasintha ndi chimene chinatsatira. Gula kope la masamba ochepa lero lomwe, uzilembamo zimenezi ndi masiku ake. Chaka chikatha udzadabwa wekha.

William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu analeka sukulu chifukwa cha fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Anawerenga mabuku a sayansi mu laibulale yaing'ono, natola zitsulo zotayidwa ndi zipangizo za njinga, napanga makina a mphepo opangira magetsi pakhomo pa makolo ake ali ndi zaka 14. Mu 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, kenako anapita ku African Leadership Academy, ndipo mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College. Sindikuti nawenso upange makina a mphepo. Ana ena amva nkhaniyi mpaka kutopa nayo, ndipo amaganiza kuti popanda chozizwitsa palibe mwayi. Ayi. Ana osauka ku Kasungu chaka chimenecho analipo ochuluka zedi. Chimene chinamusiyanitsa Kamkwamba n'chakuti anali ndi chinthu chooneka chimene mlendo akanatha kuloza ndi chala. Kodi mavuto oti munthu agwirepo ntchito atha ku Rivirivi? Dera lino mvula imabwera mochedwa n'kudula msanga, chimanga chimafota chikumasula. Magombe a mtsinje akugumuka chifukwa mitengo inathera ku makala. Mu 2003 madzi osefukira anakokolola mlatho wa njanji pa Rivirivi, sitima yolowera ku Lilongwe inaima mpaka 2005. Mtsinje womwewo umene unagwetsa mlatho umasanduka mchenga mu October. Mwana amene wafesa nazale ya mitengo ndi anzake, kapena amene wayeza mvula ndi chitini tsiku ndi tsiku kwa nyengo ziwiri n'kulemba, ali ndi nkhani ya uinjiniya ndi ya ulimi imene mwana wa ku London sangaigule.

Tifike pa chimangirizo, nkhani ya moyo wako imene amakupempha kulemba. Apa ndi pamene ambiri amadzipha okha. Amalemba ngati uthenga wa maliro: ndine wosauka, kwathu kulibe chakudya, nyumba yathu imadontha, chonde ndichitireni chifundo. Mlongo wanga, wowerengayo walandira makalata otero kuchokera ku Nepal, ku Haiti, ku South Sudan, ndipo ena mwa iwo ndi omvetsa chisoni kuposa yako. Yunivesite si bungwe logawa ufa. Ikufuna munthu amene adzabweretse nzeru m'kalasi. Umphawi utchule, usauchitire manyazi, koma utchule mwachidule ngati malo amene nkhani ikuchitikira, ndipo mwininkhani akhale iwe, ukuganiza, ukusankha, ukulephera, ukuyesanso. Sankha chochitika chimodzi, osati moyo wonse kuyambira tsiku lobadwa. Ku Common App malire ndi mawu 650, ndipo ndi ochepa kwambiri. Yamba waifotokoza pakamwa m'Chichewa kapena m'Chiyao kwa agogo kapena kwa mnzako. Pamene iwo atchera khutu n'kufunsa kuti ndiye zinatha bwanji, pamenepo ndi pamene pali nkhani. Kenako uilembe m'Chingerezi chosavuta, chako. Siya mawu akuluakulu a m'dikishonale amene sunawayankhulepo. Usakopere za pa intaneti, usalembetse kwa makina kapena kwa amalume ophunzira, chifukwa tsiku lokufunsa mafunso pa foni lidzafika, ndipo adzamva kuti wolemba ndi woyankhula ndi anthu awiri.

Ndipo usaname. Usadzisandutse mwana wamasiye makolo ali moyo. Bodza likadziwika amakuchotsa ngakhale utafika kale, ndipo umatsekera khomo ana ena a sukulu yako amene akubwera m'mbuyo.

Za makalata okuikira umboni, usathamangire kwa phungu kapena kwa munthu wa udindo amene sakudziwa. Mphunzitsi wa masamu amene anakuona ukutsalira pa sukulu kuthandiza anzako ndi woposa bwana aliyense. Muuzeni kudakali mwezi wathunthu, mupatseni kope lako lija kuti akumbukire, ndipo bandulo yotumizira kalatayo ugule ndiwe. Inunso aphunzitsi, ndikupempheni mwaulemu: kalata ya mizere itatu yonena kuti mwanayu ndi wakhalidwe labwino ndi womvera imamupha mwana. Lembani chimene munaona ndi maso anu, tsiku lake, ndi mmene mwanayu akusiyanirana ndi ena onse amene mwaphunzitsa. Ola limodzi limene mungathere pa kalatayo likhoza kusintha banja lonse.

Nanga ndalama? Funso lenileni ndi limeneli, ndipo yankho lake n'lakuti usalembere sukulu imene ilibe thandizo lokwanira, ngakhale dzina lake likome bwanji. Kukhululukiridwa theka la fizi sikukuthandiza kanthu ngati theka linalo likuposa thonje la mudzi wonse. Funa malo amene amalipira zonse: fizi, pogona, chakudya, ndege. Mastercard Foundation Scholars Program, imene inayamba mu 2012, inakhazikitsidwira ana a mu Africa anzeru koma osauka, ndipo imagwira ntchito ndi mayunivesite monga Ashesi ku Ghana, Makerere ku Uganda, Cape Town ndi Pretoria ku South Africa, komanso EARTH University ku Costa Rica, imene imaphunzitsa za ulimi. Umalembera ku yunivesiteyo mwachindunji, ndipo iliyonse ili ndi malamulo ndi masiku ake. Berea College ku Kentucky salipiritsa fizi wophunzira aliyense, aliyense amagwira ntchito pa sukulupo, ndipo chaka chilichonse amatenga ana ochepa a kunja. Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst ndi Dartmouth amasankha osayang'ana thumba lako, ndipo akakusankha amakwaniritsa chosowacho, ngakhale kulowako n'kovuta koopsa. Maboma a Japan, India ndi Turkey nawonso ali ndi masikolashipu awo. Ndalama yolembetsera fomu masukulu ambiri amakhululuka ukapempha; pempha. Mayeso a Chingerezi monga IELTS ndi odula, koma Duolingo English Test ndi yotsikirapo mtengo, ndipo masukulu ena amavomera kalata ya ahedi yotsimikiza kuti sekondale yonse unaphunzira m'Chingerezi. Funsa pa imelo. Kufunsa n'kwaulere.

Pa fomu ya chuma cha banja lemba zoona, ngakhale zikuoneka zochititsa manyazi. Ngati pakhomo palibe wolandira malipiro a pamwezi, nena choncho, ndipo werengera zimene munapeza pogulitsa thonje, nandolo, mbuzi, ndi pa maganyu. Kalata ya amfumu kapena ya ofesi yosamalira anthu ya pa boma ikhoza kuikira umboni.

Usaike mtima wako wonse pa dziko limodzi. Kuyambira mu 2025 boma la America lakhwimitsa malamulo a ziphaso zolowera m'dzikolo, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa. Malamulo otere amasintha ndi ndale, choncho fufuza mmene zilili chaka chimene ukulemba, ndipo pa mndandanda wako pakhale Ghana, Uganda, Kenya, Rwanda, South Africa ndi kwina. Ashesi inayambitsidwa ndi Patrick Awuah mu 2002 pa nthaka ya Africa yomwe ino, ndipo omaliza kumeneko sachita manyazi pamaso pa wina aliyense.

Pali tinthu ting'onoting'ono timene tagwetsa anthu atafika kale pakhomo. Dzina pa satifiketi ya MANEB, pa chiphaso cha unzika ndi pa pasipoti likhale limodzi, chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa chimodzimodzi. Kwathu kuno mwana amalembetsa pulayimale ndi dzina la agogo, sekondale ndi la bambo, ndipo palibe amene amadabwa. Kunja amaona ngati anthu awiri. Konza zimenezi msanga. Pasipoti yamba kuisonkhera usanalandire yankho. Tsegula imelo ya dzina lako lenileni, uziiona kawiri kapena katatu pa sabata, chifukwa alipo amene anasankhidwa koma anaona uthenga tsiku loyankha litadutsa.

Chenjera ndi akamberembere. Aliyense wokuuza pa WhatsApp kuti tumiza ndalama pa foni kuti ndikupezere sikolashipu ndi mbava. Thandizo lenileni siligulitsidwa. Atsikana, chenjerani kowirikiza ndi zotsatsa zolonjeza maphunziro ndi ntchito pamodzi, tikiti yaulere, zonse mwachangu. Mu 2024 atolankhani a Associated Press anaulula za atsikana a mu Africa amene anakopedwa ndi malonjezo otero n'kukapezeka akupanga ndege zankhondo zopanda woyendetsa mu fakitale ku Tatarstan m'dziko la Russia. Fufuza dzina la sukulu pa tsamba lake lenileni, funsa aphunzitsi, funsa ku ofesi ya kazembe wa dzikolo.

Ndili ndi mawu kwa inu makolo ndi eni mbumba a ku Balaka ndi ku Machinga. Mtsikana akakhoza Fomu 4, musayambe kuwerenga masiku oti alowe m'banja. Malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amaletseratu ukwati wa mwana wosafika zaka 18, koma ine ndikupempha zoposa lamulo. Mpatseni zaka ziwiri zoti alembe makalata ake. Mbwerekeni foni. Mupumitseni ku mtondo tsiku limene ali ndi mafunso a pa intaneti. Ndipo iwe amene unabereka uli pa sukulu n'kubwereranso m'kalasi mwana ali kwa amayi, usaganize kuti mbiri imeneyo yakutsekera. Kubwerera kwakoko ndi umboni wa kulimba mtima umene anzako ambiri alibe.

Adzakukana. Ndikukuuziratu kuti usadzati sindinanene. Imelo yoyamba idzayamba ndi mawu aulemu opepesa, yachiwiri chimodzimodzi, mwina mpaka yachisanu ndi chiwiri. Udzalira, ndipo anzako a pa msika adzaseka kuti uja amati akupita kunja uja si uyu akugulitsa malambe. Asiye aseke. Mwa makalata onse amene udzatumize ukufuna limodzi lokha loti inde. Chaka chodikiracho usachigone: dzipereke kuphunzitsa pa pulayimale ya kwanu, pitiriza nazale ija, onjezera masamba m'kope, ndipo ngati mapointi sanakome, lembanso MSCE. Fomu ya chaka chachiwiri imakhala yonenepa kuposa yoyamba.

Masiku sadikira. Makoleji ambiri a ku America amatseka mafomu oyambirira pa 1 November ndipo otsala kumayambiriro kwa January, nthawi yomwe iwe uli kalikiliki kubzala ndi kupalira. Sikolashipu ya boma la Turkey imatsegulidwa cha mu January ndi February, mvula ili pakati, misewu ili matope. Ndiye ntchito yolemba ichitike m'chilimwe, thonje litagulitsidwa, m'thumba muli kangachepe ka bandulo. Usiku uno tenga pepala, ulembe mayina a masukulu khumi, pambali pa lililonse tsiku lotseka ndi zimene akufuna. Lolemba m'mawa uvale malaya ako oyera, ukagogode pa ofesi ya ahedi, ukapemphe tsamba lija.